Magudumu ndi mahabu a njinga yachiwiri ya m'mapiri

Njinga ya m'mapiri ndi njinga yakapalasa yopangidwira kuyenda m'njira zafumbi, zamiyala ndi zotsetsereka. Inayamba kutchuka m'zaka za m'ma 1970 ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, kumene anthu monga Joe Breeze, Gary Fisher ndi Tom Ritchey ankakonza njinga zoti zizitsika mapiri. Gudumu la njinga yotere lili ndi mbali zinayi: habu imene imakhala pakati, masipoko, limu, ndi tayala. Okonda masewerawa ambiri amakhala ndi njinga yachiwiri, ina yophunzirira, ina yoyendera nthawi ya dzinja, kapena yomangidwa kuchokera ku felemu yakale. Posankha magudumu a njinga yachiwiriyo, funso lalikulu si lakuti gudumu ndi lopepuka bwanji koma lakuti lidzalowa pa felemu kapena ayi, komanso ngati lingasinthane ndi la njinga yoyamba. Magudumu ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pa njinga, ndipo lolakwika muyeso silingakakamizidwe.

Kukula kwa gudumu

Pali makulidwe atatu odziwika. La mainchi 26 ndilo lakale, ndipo limu yake ndi ya mamilimita 559 pamene pamakhala tayala. La mainchi 27.5, limene ena amalitcha 650b, ndi la mamilimita 584. La mainchi 29 ndi la mamilimita 622, muyeso wofanana ndi wa njinga zothamanga mumsewu wa phula. Gudumu lalikulu limadutsa mosavuta pa miyala ndi mizu, pamene laling'ono limakhota msanga ndipo limalimba chifukwa masipoko ake ndi afupi. Felemu ndi foloko ndizo zimalamula apa. Gudumu la 29 silingazungulire mu felemu ya 26, ndipo tayala la muyeso wina silikhala pa limu ya muyeso wina. Njinga zina zamakono zimakhala ndi 29 kutsogolo ndi 27.5 kumbuyo, koma zimapangidwa choncho kuchokera kufakitale.

Ekiselo ndi m'lifupi mwa habu

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Kwa zaka zambiri habu yakutsogolo inali ya mamilimita 100 m'lifupi, yakumbuyo 135, ndipo zonse zinkamangidwa ndi kachitsulo kopyapyala kokhala ndi chogwirira, kotchedwa quick release. Kachitsuloka anakayambitsa ndi Tullio Campagnolo wa ku Italy. Mabuleki a disiki atafala, opanga njinga anasamukira ku ekiselo yonenepa yotchedwa thru-axle, imene imalowa m'bowo la felemu n'kumangidwa ngati bauti. Yakutsogolo inakhala yonenepa mamilimita 15 pa habu ya 100, yakumbuyo 12 pa habu ya 142.

Cha m'ma 2015 kunafala muyeso wina wotchedwa Boost, umene makampani a Trek ndi SRAM anaulimbikitsa. Habu yakutsogolo inakula kufika pa 110, yakumbuyo 148. Cholinga chinali kutalikitsa mbali ziwiri za habu zimene masipoko amakoloweka, kuti gudumu lalikulu la 29 lisamagwedere m'mbali. Palinso Super Boost ya 157, yopezeka pa njinga zochepa.

Kusiyana kwa 142 ndi 148 ndi mamilimita 6 okha, ndipo ndi maso munthu sangakuone. Koma habu ya 148 silowa mu felemu ya 142. Ya 142 imatha kuikidwa mu felemu ya Boost ndi tizitsulo totsekera mpata, koma pamenepo disiki ya buleki imafunika kusunthidwanso, ndipo nthawi zina masipoko amakungidwanso kuti limu ibwerere pakati. Zimatheka, koma ndi ntchito yongopirira nayo. Kusintha pakati pa 135 ndi 142 n'kosavuta pa mahabu ambiri a DT Swiss ndi Hope, chifukwa tizivindikiro ta kumapeto kwa habu timachoka n'kuikapo tina. Kwa munthu amene ali ndi njinga yakale ndi yatsopano, habu yotere ndi yaphindu kuposa yopepuka.

Pokhala magiya

Pa habu yakumbuyo pali mbali imene pamakhala magiya. Njinga zotchipa zimagwiritsa ntchito fuliwilo yochita kupotokolera pa habu. Vuto lake n'lakuti bering'i ya kumanja imakhala mkati kwambiri, choncho ekiselo imapindika kapena kuthyoka njinga ikamagunda miyala. Njinga zenizeni za m'mapiri zili ndi freehub, thupi lokhala ndi mizere pamene magiya omangidwa pamodzi, otchedwa cassette, amalowetsedwa.

Mitundu ya freehub ilipo itatu yofala. HG ya Shimano ndiyo yakale, imalandira magiya 8, 9, 10 ndi 11, ndipo giya yaing'ono kwambiri imene imakwanapo ndi ya mano 11. XD ya SRAM inabwera mu 2012 kuti giya ya mano 10 izikwana. Micro Spline ya Shimano inabwera mu 2018 pamodzi ndi magiya 12. Cassette ya mtundu wina silowa pa freehub ya mtundu wina. Pali chimodzi chosokoneza: cassette ya SRAM NX Eagle ili ndi magiya 12 koma imakhala pa HG, osati pa XD. Kuwerenga magiya kokha sikukwanira kudziwa freehub yofunika.

Disiki ya buleki nayo imamangidwa m'njira ziwiri, ya mabauti 6 kapena ya Center Lock ya Shimano. Habu ya Center Lock imalandira disiki ya mabauti pogwiritsa ntchito kachipangizo kolumikizira, choncho imapereka mwayi wambiri. Njinga zakale za mabuleki ogwira pa limu zimafuna limu yokhala ndi m'mbali mosalala, ndipo malimu ambiri amakono alibe mbali imeneyi.

Mabering'i

Mkati mwa habu muli mabering'i a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa timipira tachitsulo tomasuka, tozungulira pakati pa kapu ndi koni. Mahabu ambiri a Shimano ndi otere. Amatsegulidwa ndi masipanala opyapyala, kutsukidwa, kupakidwa girizi, n'kumangidwanso, ndipo timipira take n'totchipa. Kuipa kwake n'kwakuti kapu ndi gawo la habu yeniyeniyo. Madzi ndi mchenga zikalowa n'kukumba kapu, habu yatha. Mtundu wachiwiri ndi bering'i yotsekedwa imene imakhomeredwa yathunthu. Ikatha imachotsedwa n'kuikapo ina, habu n'kubwerera mwakale.

Wabwino ndi uti zimadalira kumene njinga ili. Ku Malawi ndi ku Zambia, kumene njinga za m'mapiri zambiri zimafika zogwiritsidwa kale ntchito ndipo n'zamainchi 26, amisiri a m'misika anazolowera kapu ndi koni chifukwa ndizo zili m'njinga wamba ndi za kabaza. Habu ya timipira ingakonzedwe pafupifupi pamsika uliwonse. Bering'i yotsekedwa imafuna kudziwa nambala yake, monga 6902, ndi kukaifuna m'tauni.

Kugwira kwa habu

Wopalasa akasiya kupalasa n'kuyambanso, pamakhala kampata kochepa pedulo isanayambe kukoka gudumu. Kampatako kamayezedwa m'madigiri. Habu ya DT Swiss ya mano 18 imagwira pa madigiri 20 aliwonse, ya mano 36 pa madigiri 10, ya mano 54 pa madigiri osakwana 7. Ya Chris King imagwira pa madigiri 5, ndipo Hydra ya Industry Nine ili ndi malo ogwira 690, kutanthauza pafupifupi theka la digiri. Kugwira msanga kumathandiza pokwera chitunda cha miyala, pamene munthu amapalasa pang'onopang'ono moduladula. M'njira wamba kusiyanaku sikumveka kwenikweni. Mano ambiri amakhala ang'onoang'ono ndipo amafuna kutsukidwa kawirikawiri, komanso mtengo umakwera. Pa njinga yachiwiri, madigiri 10 ndi okwanira kwa anthu ambiri. Phokoso limene mahabu odula amalira potsetsereka ena amalikonda kwambiri, koma silionjezera liwiro.

Limu ndi masipoko

Malimu akale anali opapatiza, pafupifupi mamilimita 17 mpaka 21 mkati. Amakono ambiri ali pakati pa 25 ndi 30, ndipo ya 30 imagwirizana ndi matayala a mainchi 2.4 mpaka 2.6. Limu ya aluminiyamu ikagunda mwala imafwanyika, ndipo nthawi zambiri imawongoledwa. Ya kaboni ndi yopepuka ndi yosapindika, koma ikapitirira malire imasweka, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Pa njinga yoti izikumana ndi matope kapena kubwerekedwa ndi anzake a mwini, aluminiyamu ndiyo yanzeru.

Masipoko 32 ndiwo ofala, 28 amapeputsa gudumu, 36 ndi a katundu wolemera. Chiwerengero cha mabowo a habu ndi a limu chiyenera kufanana. Masipoko opinda kumutu ngati mbedza amapezeka mosavuta, pamene owongoka amafuna habu yakeyake ndipo imodzi ikaduka munthu angadikire nthawi yaitali. Timanati ta masipoko ta bulasi sitichita dzimbiri msanga ngati ta aluminiyamu. Koposa zonsezi, kulimba kwa gudumu kumachokera pa kukungidwa kofanana kwa masipoko. Gudumu la zipangizo zapakatikati lolukidwa ndi mmisiri waluso limakhalitsa kuposa lodula lolukidwa mosasamala.

Malimu ambiri amakono amalola tayala lopanda chubu. Njira imeneyi inayamba ndi UST ya Mavic mu 1999, ndipo masiku ano m'tayala amathiramo madzi omata amene amatseka tizibowo ta minga. Madziwo amauma pakapita miyezi ingapo, makamaka kotentha, kaya njinga ikuyenda kapena ili chikhalire. Njinga yachiwiri imene imatuluka mwa apo ndi apo ingapezeke yaphwa tsiku limene ikufunidwa, n'chifukwa chake ena amaisiyira machubu ngakhale limu yake ikulola kuyenda popanda.