Mneni wa Munthu Woona Nalambalala

Yense woyenda pa msewu wa Masauko Chipembere, pakati pa Limbe ndi Blantyre, akafika pa Maselema m'mamawa, pamene antchito ochokera ku Bangwe ndi ku Ndirande alikuthamangira kuzipata za makampani, adzaona dalaivala wa minibasi amene, angakhale waona mayi wobereka mwana ataima pa malo owolokera anthu, aponya maso kutsogolo napitirira ngati panalibe munthu. Mchitidwe umenewu Angerezi amaunena ndi mneni wakuti "ignore", ndipo achinyamata athu adaulowetsa kale m'chinenero chathu, pakuti mnyamata amene bwenzi lake lawerenga uthenga pa WhatsApp osayankha amadandaula kuti akumuiginola.

Ana a sukulu ambiri amasokoneza mneniyu ndi liwu lakuti "ignorant", lonena za mbuli, ndipo ine sindiwadzudzula kwambiri, popeza mawu onse awiri adachokera ku mneni wa Chilatini wakuti "ignorare", ndiko kusadziwa. Chilatini chomwe chija Kamuzu Banda adalamula kuti chiphunzitsidwe ku Kamuzu Academy, yotsegulidwa mu 1981. Kale ku Mangalande, anthu osankhidwa kuunika mlandu usanazengedwe, akapeza kuti umboni ngoperewera, ankalemba pa kalata ya mlanduwo kuti "ignoramus", ndiko kuti sitikudziwa, mlandu n'kutayidwa. Pofika m'zaka za m'ma 1800, mneni wa "ignore" uja adayamba kutanthauza kunyalanyaza mwadala.

Makolo athu adasiyanitsa bwino anthu awiriwa, mbuli ndi wonyalanyaza mwadala. Safunsa adadya phula chifukwa sadadziwe. Koma samva, amene adamva nkhwangwa ili m'mutu, adauzidwa ndithu, iye naumitsa khosi. Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo la m'Baibulo la pa njira ya ku Yeriko ali m'gulu lachiwirili, pakuti munthu wovulazidwa amene adamulambalala adamuona ndi maso awo.

Polemba Chingerezi, chinthu chonyalanyazidwacho chimatsata mneniyu mwachindunji popanda mperekezi: timalemba "he ignored the warning", osati "ignored about", monga ena amalembera m'makalata a ku ofesi. Ndiponso si nthawi zonse pamene mneniyu amatsutsa munthu. Uthenga ukafika pa foni wonena kuti wina wakutumizirani ndalama molakwitsa pa Mpamba kapena Airtel Money, choncho mumubwezere msanga, yambani mwaona ngati ndalamazo zalowadi. Ngati sizinalowe, uiginoleni uthengawo ndi mtima wonse.