Wapolisi mmodzi wagwetsa zigamulo zoposa 200 ku Chicago

Mu November 2017, bwalo la milandu la m'chigawo cha Cook County, momwe muli mzinda wa Chicago m'dziko la America, lidafafaniza zigamulo za amuna 15 tsiku limodzi. Milandu yawo idazengedwa nthawi zosiyana, koma onse adamangidwa ndi gulu la apolisi lomwe ankalitsogolera sajeni Ronald Watts. Pofika lero, zigamulo zoposa 200 zokhudza gululi zathetsedwa.

Watts ankagwira ntchito kunyumba za boma za Ida B. Wells, kummwera kwa mzindawo, komwe kunkakhala anthu osauka, ambiri mwa iwo akuda. Kwa zaka zambiri anthuwo ankadandaula kuti iye ndi anzake amatolera ndalama kwa ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, ndipo wokana kupereka amamusemera mlandu woti wapezeka ndi mankhwalawo.

Nanga makhoti ankawapeza bwanji olakwa anthu osalakwa? Pa mlandu wa mankhwala, nthawi zambiri mboni yaikulu ndi wapolisi yemwe adamanga munthuyo. Iye akalumbira kuti adapeza kaphukusi m'thumba la woimbidwa mlandu, woweruza amayenera kusankha pakati pa mawu a wapolisi ndi a munthu yemwe mwina adamangidwapo kale. Ambiri ankadziwiratu kuti sapambana, choncho ankangovomera mlandu kuti chilango chichepe. Aliyense wovomera ankalowa m'kaundula ngati chigawenga chomwe apolisi agwira. Munthu wongoyang'ana ziwerengero akadati Watts ndi katswiri pa ntchito.

Zinthu zidatembenuka mu 2011 pomwe apolisi a FBI adamutchera msampha. Watts ndi mnzake Kallatt Mohammed adagwidwa ataba $5,200 kwa munthu yemwe ankanamizira kunyamula ndalama za ogulitsa mankhwala, chonsecho ankagwira ntchito ndi FBI. Watts adavomera mlanduwo ndipo mu 2013 adalamulidwa kukhala kundende miyezi 22, chilango chochepa kwambiri poyerekeza ndi zaka zomwe ena mwa anthu omwe adawanamizira adakhala m'ndende.

Lamulo lomwe limateteza oimbidwa milandu pa nkhani zotere lidachokera kubwalo lalikulu la dzikolo. Pa mlandu wa Brady mu 1963, bwalolo lidati oimira boma asabise umboni wothandiza woimbidwa mlandu. Pa mlandu wa Giglio mu 1972, lidaonjezera kuti asabisenso zomwe zingachititse kuti mboni yawo ikayikiridwe. N'chifukwa chake maofesi ambiri a oimira boma amasunga mndandanda wa apolisi omwe adagwidwapo bodza, ndipo ena salolanso apolisi otere kukaperekera umboni. Ku Cook County, ofesi ya Kim Foxx idachita zomwezo kwa apolisi angapo omwe adagwirapo ntchito ndi Watts.

Komabe kuchuluka kwa milandu yothetsedwa pakokha sikusonyeza kuti wapolisi ndi wabodza. Mlandu umatha mboni ikapanda kubwera, kapena loya wa boma akachedwetsa zikalata. Chomwe chiyenera kuchititsa akuluakulu kufufuza n'choti milandu ya wapolisi mmodzi izigwa pa chifukwa chofanana, kapena anthu osadziwana azimudandaula m'mawu ofanana. Madandaulo otere okhudza Watts adalipo kalekale, koma akuluakulu ake sadawasamale.

Mu 2025, khonsolo ya mzinda wa Chicago idavomereza kulipira $90 miliyoni pofuna kuthetsa milandu 176 ya chipukutamisozi yomwe anthu onamiziridwawo adasuma.