Kachasu wa masau ndi jini wa ku London

Mwezi wa Julayi ukafika, masau amapsa m'chigwa cha Zambezi. Ku Changara ndi ku Magoe amayi amatola masau ndi kuwayanika padzuwa. Ena amadya, ena amagulitsa, ena amatcheza kachasu.

Kodi kachasu amachoka bwanji mu chipatso? Tiyeni tione.

Masau ali ndi shuga. Akawaviika m'madzi kwa masiku angapo, amayamba kuchita thovu. Tizilombo tosaoneka ndi maso tikudya shugayo ndi kumusandutsa mowa. Kenaka mayi amathira zonse mu mphika waukulu, navundikira, namata m'mbali kuti nthunzi isathawe. Pansi amasonkha moto pang'onopang'ono.

Nzeru yake ndi iyi: madzi amawira pa madigiri 100, koma mowa umawira pa madigiri 78. Choncho mowa ndiwo umayamba kukwera ngati nthunzi. Nthunziyo imadutsa mu paipi yomizidwa m'madzi ozizira. Ikazizira imasanduka madontho, nigwera m'botolo. Ameneyo ndiye kachasu.

Azungu nawonso amatcheza chimodzimodzi. Mowa wawo wina umatchedwa jini. Unachokera ku Holland, nufalikira ku England. Mu mphika amaikamo timbewu ta mtengo wa juniper, makoko a mandimu kapena a malalanje, ndi zonunkhira zina. Nthunzi ikamakwera imatenga fungo la zinthu zimenezi.

Koma jini anasautsa anthu. Pakati pa 1720 ndi 1750, osauka a mu London ankamwa usana ndi usiku chifukwa anali wotsika mtengo. Ntchito zinaima, ana anasowa owasamala. Mu 1751 boma linaika lamulo loletsa kugulitsa jini mwachisawawa.

Anzathu, ngozi ya mowa wotcheza ili pa zinthu zinayi.

Choyamba ndi mutu. Madontho oyamba kutuluka ambiri amawakonda, amati, "Uyu ndiye mwamuna!" Koma ali ndi zinthu zoipa zimene zimawira msanga. Wotcheza wanzeru amataya madontho oyambawo.

Chachiwiri ndi ziwiya. Paipi yochotsa ku galimoto, kapena yomatidwa ndi mtovu, imathira poizoni mu kachasu. Mtovu suoneka, sununkha, koma umaononga magazi, impso ndi ubongo. Mgolo umene munali mankhwala a thonje usagwiritsidwe ntchito, ngakhale utsukidwe kangati.

Chachitatu ndi zoonjezera. Ena amathiramo feteleza, madzi a batire kapena sipiriti ya m'sitolo kuti mowa ukhale waukali. Sipiriti ina ili ndi methanolo. Pang'ono chabe amachititsa khungu, wochuluka amapha. Mizu ndi masamba amene simukuwadziwa musaikemo. Makoko a ndimu ndi chakudya, koma mankhwala a kutchire si onse amene ali abwino m'mimba.

Chachinayi ndi chophikira mowa chimene chaola. Mu Januwale 2015, ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anthu anamwa mowa wamasese pobwera kumaliro. Anthu 75 anamwalira. Poyamba kunamveka kuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Koma madokotala atayeza anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga woonongeka. Ufa kapena zipatso zoola, tayani.

Munthu akamwa, ndipo mawa lake akuona mwachimbuuzi, akusanza, m'mimba mukupota, musati ndi matsire. Musadikire kuti agone kaye. Thamangani naye kuchipatala, ndipo tengani botolo limene anamwalo.

Pali nkhani inanso ya ife alimi. Chimanga cha m'nkhokwe chikapita ku mowa mu Ogasiti, njala imafika mu Febuluwale. Mlimi akaledzera nthawi yopalira, udzu sumudikira. Masau ouma amasungika miyezi yambiri. Ana amadya, phala lake ndi lokoma, ndipo kumsika wa ku Tete ali ndi malonda. Si onse ayenera kuthera mu mphika.

Tikambirane:
1. N'chifukwa chiyani mowa umakwera madzi asanawire?
2. Tchulani ngozi zinayi za mowa wotcheza.
3. Kodi kwanu masau mumachita nawo chiyani?