Manambala akale a intaneti akutha, amisiri afunika maphunziro

Foni iliyonse yolowa pa intaneti, kaya ku Rimuka mu mzinda wa Kadoma ku Zimbabwe kapena ku Lilongwe, imafunika nambala yoizindikiritsa. Njira yakale ya IPv4 ili ndi manambala pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo nkhokwe yake yaikulu inauma mu 2011.

Njira yatsopano ya IPv6 ili ndi manambala ochuluka zedi, koma siimvana mwachindunji ndi yakaleyo, choncho amisiri ayenera kuphunzira mwatsopano. Bungwe la AFRINIC, lomwe limagawa manambalawa mu Africa kuchokera ku Mauritius, lakhala likuphunzitsa amisiri m'maiko ambiri, ngakhale milandu inatseketsa ndalama zake kubanki mu 2021.

Makampani ochedwa kusintha amaunjika makasitomala ambiri pa nambala imodzi, kapena amagula manambala akale pa mtengo wokwera.