KAUNDULA WA MALUNGO NDI NTCHITO YAKE

(Mawu amene Mlangizi wa Zaulimi analankhula pa wailesi)

Lero sindikamba za feteleza kapena za mbewu, koma za mdani amene amatigoneka pamphasa pa nthawi imene khasu likutifuna kumunda. Mdaniyo ndiye malungo. Inu nomwe mudziwa kuti odwala amachuluka kuyambira Januwale kufikira Epulo, miyezi yopalira, yobandira ndi yowokera mpunga. Bambo akagona sabata imodzi, kapena mayi akakhala kuchipatala ndi mwana, udzu sudikira, ndipo nkhokwe ya chaka chimenecho imachepa.

Mlimi wanzeru amalemba tsiku limene anabzala ndi matumba amene anakolola, kuti chaka chamawa asalime mongoganizira. Boma nalo limalemba za malungo. Kale zonse zinali m'mabuku a pepala, ndipo malipoti ankachedwa panjira kufikira matenda atafalikira kale. Kuyambira chaka cha 2012, Unduna wa Zaumoyo umasunga mawerengero amenewa mu pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa DHIS2. Anaikonza ndi akatswiri a pa yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo maiko ambiri a mu Africa ndi Asia amaigwiritsa ntchito.

Kodi imayenda bwanji? Mwana akatentha thupi, mumapita naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Amamubaya pachala, nayeza magazi, nalemba m'kaundula msinkhu wake, kumene akhala, chimene chapezeka ndi mankhwala amene walandira. Pakutha pa mwezi amawonkhetsa zonse, ndipo mawerengerowo amalowa mu kompyuta. Pamenepo wa ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu ndi wa ku Lilongwe amaona chinthu chimodzimodzi. Pulogalamuyo imafanizira mwezi uno ndi mwezi womwewu wa chaka chatha, ndipo imajambula mapu osonyeza madera amene odwala achuluka.

Phindu lake lili patatu. Loyamba, mankhwala a LA ndi zoyezera magazi zimatumizidwa molingana ndi odwala a pamalopo, kuti chipatala china chisasowe pamene china zikungokhala. Lachiwiri, pogawa masikito ndi popopera mankhwala m'nyumba, amadziwa koyambira. Lachitatu, amazindikira msanga ngati chida chimene tikudalira chayamba kufooka.

Pa mfundo yachitatuyi tili ndi zitsanzo zathuzathu. Achikulire mukumbukira chloroquine. Madokotala atalemba mosamala za ana amene ankamwa mankhwalawo koma osachira, Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya, m'chaka cha 1993, nayamba Fansidar. Naye Fansidar atafooka, LA anabwera mu 2007. Chaka chomwecho anayamba kupopera mankhwala m'nyumba ku Nkhotakota, ndipo patapita zaka zochepa ogwira udzudzu ndi kuuyeza anapeza kuti mtundu wotchedwa Anopheles funestus sukufanso ndi mankhwala aja, kotero anawasintha. Ndiponso mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi wagonjetsa matenda otupitsa miyendo, amenenso amafala ndi udzudzu. Umboni wake unali m'zolembedwa za zaka zambiri. Zonsezi sizikanadziwika ndi maso okha.

Tsono tamverani bwino apa. Kompyuta si mlosi. Imadziwa chokhacho chimene yauzidwa. Munthu akangogula mapiritsi pa golosale nagona kunyumba, m'kaundula mulibe dzina lake, ndipo mudzi wake umaoneka ngati uli bwino pamene anthu akuvutika. Pogawa zinthu, mudzi wotere ukhoza kutsalira. Choncho kupita kukayezetsa kumathandiza wodwalayo, kumathandizanso anansi ake. Wina akakufunsani kumene mukhala, tchulani mudzi ndi mfumu yanu molondola. Akabwera olemba mabanja masikito asanagawidwe, nenani chiwerengero choona cha a m'nyumba mwanu, osawonjeza, osachotsa.

Ife alimi tilinso ndi gawo lathu lapadera. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Madzi amene amakulitsa mpunga ku Limphasa, ku Hara kapena ku Muona ndi omwenso udzudzu umaikiramo mazira, ndipo kukatentha, dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masabata awiri okha kapena kucheperapo. Sindikuti tileke ulimi wothirira, iyayi. Koma lambulani ngalande kuti madzi aziyenda, kwirirani maenje oumbira njerwa ndi zithaphwi za pafupi ndi nyumba. Inu olima thonje ndi ndiwo zamasamba, dziwani kuti mankhwala ena opopera m'munda ndi a mtundu umodzi ndi amene ali m'masikito. Mukamawathira mopyola muyeso, kapena kutsukira mpope m'dambo, udzudzu wa m'madzimo ukhoza kuwazolowera. Tsatani muyeso umene mlangizi wanu wakuuzani. Ndipo masikito ndi ogonamo usiku uliwonse, si ogwirira usipa kapena otchingira mbewu ku dimba.

Mafumu ndi a makomiti a zaumoyo, muli ndi ufulu wofunsa kuchipatala chanu mmene malungo akuyendera m'dera lanu. Funsani, ndipo kambiranani pamsonkhano wa m'mudzi mvula isanayambe, monga mmene timakonzera mbewu ndi makasu.

Sabata yamawa tidzakamba za kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe. Tsalani bwino nonse.