Chikwama cha K17 Biliyoni ndi Anzake Afeki

Mphindi khumi zokha. Anthu asanu ndi anayi akulimbirana, wina akatchula mtengo mnzake n'kukwezera pomwepo. Nyundo itagwa, ndalama zonse pamodzi ndi za eni okushoni zidakwana madola 10.1 miliyoni. Katundu wake? Chikwama cha m'manja chimodzi. Chakuda, chakale, chokandikakandika.

Zidachitika pa 10 July 2025 ku okushoni ya Sotheby's mumzinda wa Paris, ndipo palibe chikwama china chomwe chidagulidwapo ndalama zotere ku okushoni. Pa mtengo wa kubanki wa nthawiyo zidali ndalama zoposa K17 biliyoni. Wantchito wolandira malipiro otsikitsitsa a mu 2025, K126,000 pamwezi, atati azisunga zonse osagulako ngakhale mchere, angachipeze patatha zaka zoposa 11,000!

Ichi ndiye Birkin choyambirira, mayi wa zikwama zonse za dzinali. Kampani ya Hermès idachisokera Jane Birkin, woimba komanso katswiri wa mafilimu wa ku Britain. Tsiku lina ali m'ndege yochoka ku Paris kupita ku London, katundu wa mayiyu adakhuthukira pansi, iye n'kuyamba kudandaula kuti zikwama za amayi n'zopanda malo. Amene adakhala naye pampando adali Jean-Louis Dumas, mkulu wa Hermès. Chithunzi cha chikwama chatsopano chidajambulidwa pomwepo, pa kathumba kosanziramo ka m'ndege. Birkin sadachisasatitse chikwamacho. Adachimata timapepala ta mabungwe othandiza anthu, zipsera zake zikuonekabe mpaka lero, ndipo pa lamba wake pakulendewerabe kowengera zikhadabo. Mu 1994 adachipereka kuti chigulitsidwe, ndalama zake zithandize polimbana ndi Edzi. Amene wachitenga tsopano ndi Valuence, kampani ya ku Japan yogulitsa katundu wodula wogwiritsidwapo kale ntchito. Kaunjika wa anthu opata, tingotero.

Chisadabwere chimenechi, ufumu udali m'manja mwa Kelly wa Hermès yemweyo, wa mtundu wa Himalaya, wokhala ndi loko wa dayamondi, yemwe adagulidwa madola 513,000 ku okushoni ya Christie's ku Hong Kong mu 2021. Chikopa chake n'cha ng'ona ya mtundu wa Nile, yomweyi imaothera dzuwa m'mbali mwa Shire ku Liwonde. Pakati choyera mbee, m'mbali chotuwa. Zikopa zambiri za mtunduwu Hermès imazigula ku mafamu a ng'ona a m'mphepete mwa nyanja ya Kariba ku Zimbabwe, ndipo chikwama chimodzi chimadya ng'ona ziwiri kapena zitatu, chikopa cha pamimba chokha. Odziwa amayang'ana pafupi ndi dzina la kampani: timadontho tiwiri, ndiye kuti ng'ona ya Nile.

Nanga n'chifukwa chiyani chakale chimadula kuposa chatsopano? Chifukwa chatsopano sichipezeka. Birkin mmodzi amasokedwa ndi mmisiri mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamanja, ndi singano ziwiri ndi ulusi wopaka phula la njuchi. Maola 15 mpaka 20. Ukalowa m'sitolo ndalama zili m'manja, yankho limakhala lakuti zatha. Ogula ambiri amati umayamba wagula nsapato, mipango ndi mbale za kampaniyo kwa nthawi yaitali, kenako wogulitsa n'kukuitanira kuchipinda chamkati. Mu 2024 Birkin wamng'ono wa chikopa cha ng'ombe ankagulidwa madola 11,400 m'sitolo. Wogula akangotuluka panja, opikulitsa ankamupatsa 23,000 tsiku lomwelo, iwo n'kukachigulitsa mpaka 32,000. Chikwama chomwecho, chisadatulutsidwe n'komwe m'katoni!

Chonyezimira kuposa zonse ndi 1001 Nights cha kampani ya Mouawad. Chooneka ngati mtima, chagolide, chokutidwa ndi miyala ya dayamondi 4,517. Amisiri khumi adatherapo maola 8,800. Munthu mmodzi atagwira usana ndi usiku chaka chathunthu osagona, chaka chingathe iye asadamalize. Mtengo wake: madola 3.8 miliyoni, ndipo chidalowa m'buku la Guinness.

Chaching'ono kuposa zonse sichioneka bwino ndi maso. Mu June 2023 gulu la MSCHF la ku New York lidapanga kachikwama kobiriwira kokhala ndi zizindikiro za Louis Vuitton, kosafika milimita imodzi mbali iliyonse. Njere ya mawere ndi chimphona poyerekeza nako. Kamadutsa pa diso la singano. Wina adakagula madola 63,750, ndipo eni dzina sadapemphedwe chilolezo.

Chakale kuposa zonse chidafukulidwa m'manda pafupi ndi Leipzig ku Germany: zaka zoposa 4,000, chikopa chidaola kalekale, adatsala ndi mano a galu oposa 100 omwe adachikongoletsera.

Mulu waukulu wa zikwama zenizeni wolandidwa ndi apolisi? Malaysia, 2018. M'nyumba zokhudzana ndi Najib Razak, yemwe adali atangochoka pa mpando wa nduna yaikulu, apolisi adatulutsamo zikwama 567. Mwa izo, 272 zidali za Hermès, zokwana madola oposa 12 miliyoni.

Komatu manambala enieni oziziritsa nkhongono ali ku feki.

Bungwe la OECD lidawerengera kuti mu 2021 katundu wachinyengo wodutsa m'malire a mayiko adakwana madola 467 biliyoni. Chuma chonse chimene Malawi amapanga pachaka, fodya, tiyi, shuga, malipiro a aliyense, muchiunjike ka 30, simudafikebe. Si zikwama zokha ayi, muli zovala, nsapato, mawotchi ndi mankhwala, koma katundu wachikopa amakhala m'gulu la zogwidwa kwambiri chaka ndi chaka. Gwero lalikulu ndi China.

Kugwira kwakukulu m'mbiri ya America kudalengezedwa mu November 2023 ku New York. Zikwama, nsapato ndi zovala zafeki pafupifupi 219,000, zodzaza zipinda zosungiramo katundu ku Manhattan, mashelefu ofika kudenga. Zikadakhala zenizeni zikadakwana madola 1.03 biliyoni. Mutadzaza Bingu National Stadium mpando uliwonse, aliyense n'kumupatsa zisanu, zina zingatsalebe zambirimbiri.

Choseketsa n'chakuti chizindikiro chokoperedwa kwambiri chidapangidwa kuti chithetse kukopera. Louis Vuitton adatsegula malo ake mu 1854, ndipo anthu adayamba kutsanzira masutikesi ake iye akadali moyo. Mu 1896 mwana wake Georges adatulukira zilembo za LV zopiringizana ndi timaluwa, poganiza kuti akuba luso agwa nazo ulesi. Lero zilembo zomwezo zili mbwee mumsika wa Limbe, ku Tsoka mu Lilongwe ndi ku Kamwala mu Lusaka, pa zikwama, malamba ndi masilipasi omwe.

Feki wa kumsika sapusitsa munthu. Zipi imafa sabata yomweyo, chogwirira n'kuyamba kusupuka. Chikomekome cha mkuyu. Koma pali feki wina wapamwamba, wochokera makamaka m'mafakitale ozungulira Guangzhou, wosokedwa pamanja ndi chikopa chenicheni, wobwera ndi katoni yake, kathumba kake ndi lisiti lomwe. Ameneyu amawatulutsa thukuta ngakhale akatswiri. Masitolo opikulitsa zikwama tsopano amagwiritsa ntchito makina monga a kampani ya Entrupy, omwe amajambula chikopa ndi ulusi mokuza kwambiri, kompyuta n'kuyerekeza ndi zithunzi za zikwama zenizeni. Ena amachita kununkhiza.

Feki wina wodula kwambiri adachokera m'nyumba momwemo. Mu 2020 khoti la ku Paris lidazenga mlandu anthu khumi, asanu ndi awiri mwa iwo atagwirapo ntchito ku Hermès. Manja omwe ankasoka zenizeni ndi omwenso ankasoka zabodza kunyumba, ndi zikopa za ng'ona, n'kumagulitsa kwa alendo ochokera ku Asia mpaka mayuro 32,000 chimodzi. Feki wa mtengo wa galimoto yatsopano!

Wotchipa wotchuka kuposa onse adatulukira kumapeto kwa 2024 pa tsamba la intaneti la Walmart: chikwama chofanana ndi Birkin, chopanda dzina la Hermès, pa madola 78. Pa TikTok adachitcha Wirkin. Chidatha ngati zitumbuwa za m'mawa.

Ndipo pali feki wosagwirika n'komwe. Mason Rothschild adagulitsa pa intaneti zithunzi 100 za zikwama zaubweya zotchedwa MetaBirkins. Zithunzi basi, zosaikamo ngakhale kiyi. Mu February 2023 khoti la ku New York lidagamula kuti alipire Hermès madola 133,000.

Amene muli ndi ulendo wa ku Ulaya, chikwama chija chafeki cha zilembo ziwiri chisiyeni kunyumba. Ku Italy wogula feki amalipitsidwa mpaka mayuro 7,000. Ku France kungopezeka nacho n'kulakwira lamulo, ndipo chilango chimatha kufika mayuro 300,000 ndi zaka zitatu kundende.