Batire ikachoka, galimoto imaiwala

M'chigwa cha Shire batire ya galimoto sikhalitsa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 m'madera ngati Nchalo, Ngabu ndi Bangula, ndipo madzi a m'batire amauma msanga. Ena amaichotsa usiku poopa akuba. Ena amakaunikira m'nyumba kapena kutchajira mafoni, monga zidachitikira mu 2022 pamene namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira m'boma la Chikwawa.

Vuto limaoneka batire ikabwerera. Galimoto imene dzulo imayenda bwinobwino lero ikunjenjemera, ikuzima ikaima, wailesi yati zii. Mwini wake amathamangira kwa makaniko poganiza kuti injini yatha, n'kulipira ndalama zimene zikadagula thumba la chimanga. Chonsecho galimotoyo yangoiwala.

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan, monga Sienta, Probox ndi Vitz, ali ndi kakompyuta kotchedwa ECU. Kameneka ndi kamene kamayeza mpweya ndi mafuta olowa mu injini. Malamulo akuluakulu amene fakitale idalembamo safufutika ayi. Koma pali zina zimene kamaphunzira galimoto ikamayenda, monga kuchuluka kwa mafuta ofunika injini ikamalira galimoto itaima. Zimenezi, pa magalimoto ambiri, zimasungika pokhapokha moto wa batire ulipo.

Wotchi ndi masiteshoni a wailesi nazonso zimafufutika. Mawailesi ena a ku Japan amakaniratu kuyaka mpaka mutalowetsa nambala yachinsinsi kapena kakhadi kake ka SD, zimene ambiri sapatsidwa pogula galimoto.

Njira yopewera ilipo ndipo si yovuta. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya timabowo 16 yotchedwa OBD-II, imene idakhala lamulo ku America mu 1996 n'kufalikira kwina. Apa ndi pamene amakaniko amalumikiza makina ofufuzira matenda a galimoto. Pali kachingwe kamene mbali ina imalowa pa soketiyi, ina n'kugwira batire ina ya mavoti 12. Batire yachiwiriyi imadyetsa kompyuta ija pamene mukusintha yakale.

Musanayambe, zimitsani injini, chotsani kiyi, thimitsani nyali zonse kuphatikizapo ya mkati. Lumikizani kachingweko, kenako masulani waya wa negetivu, wa chizindikiro cha (-), musanakhudze wa pozitivu. Kumbukirani kuti waya wa pozitivu umakhala udakali ndi moto, choncho ukulungeni ndi mphira kuti usagunde chitsulo. Pobwezera yambani ndi pozitivu, negetivu pomalizira.

Pali chizolowezi china chofunika kuchileka: kuchotsa batire injini ikulira, kaya posintha kaya poyesa alitaneta. Pa magalimoto akale anthu ankapulumuka nazo, koma pa a makompyuta moto umatha kulumpha n'kuotcha ECU, ndipo mtengo wake ungagule mabatire angapo.

Komanso si nthawi zonse pamene kusunga moto kuli kwabwino. Ngati akuwotcherera zitsulo pa galimoto kapena kukonza ma airbag, moto wonse uchoke. Chimodzimodzi galimoto ikalowedwa madzi, monga zidachitikira anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa ndi namondwe Freddy mu 2023: chotsani batire ndipo musaiyese kuliza. Bola iiwale kusiyana n'kupsa.

Nanga ngati yaiwala kale? Musade nkhawa. Ilizeni, muisiye mphindi zingapo osaponda mafuta, kenako yendani nayo pang'onopang'ono, mwina kuchoka pa Dyeratu kukafika pa Nchalo. Kawirikawiri imakumbukiranso yokha. Ikapitiriza kuzima, kaonaneni ndi makaniko musanayambe kukwera mapiri a ku Thabwa ndi ana m'galimoto. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.